Pakhonde pa Azakhali: Wotchi ya Pansi pa Nyanja si ya pa Ukwati

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 26, wobadwira ndi kukulira ku Kanyama. Chaka chatha amalume anandipezera ntchito ku Mpulungu, kwa anthu ogwira tinsomba tokongola ta m'nyanja ya Tanganyika totumiza kunja. Poyamba ndinkangosintha madzi m'matanki, koma tsopano andiphunzitsa kubira ndi silinda kumsana, ndipo chikalata cha Open Water ndili nacho. Abwana akuti daiva aliyense akhale ndi kompyuta yake ya pamkono. Chilimba changa chikutuluka kumapeto kwa mwezi uno. Mnzanga wa ku City Market ali ndi wotchi yakuda yolembedwa kuti Water Resistant 50M, akuti andipatsa pa mtengo wa pachibale. Msuweni wanga wa ku Johannesburg wapezanso kompyuta ya salaula. Koma ine mtima uli pa Apple Watch Ultra, chifukwa ndikhoza kudzaivalanso pa ukwati wanga mu Disembala. Ndalama zikaperewera nditenga kaloba. Ndithandizeni.

Daiva wa ku Kanyama

Iwe mwana wa achimwene,

Ndiyambe ndi nthungululu. Kanyama yatulutsa daiva! Anthu ankatiseka kuti mvula ikagwa timapita kuntchito nsapato zili m'manja, osadziwa kuti tinali pa maphunziro. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wachoka m'zithaphwi za kwanu, wakafika pa nyanja yakuya mamita 1,470, yongoposedwa ndi Baikal ya ku Russia basi. Ndakunyadira.

Nthungululu zathera pomwepa. M'kalata yako muli mawotchi atatu, ukwati umodzi ndi kaloba, koma palibe pamene wafunsa kuti chipangizochi ntchito yake n'chiyani. Koka mpando.

Mpweya uli m'silinda yakowo ndi womwewu tikupuma kunowu: magawo 21 pa 100 ndi okosijeni, 78 ndi naitulojeni. Thupi limadya okosijeni, koma naitulojeni lilibe naye ntchito, amangolowa n'kutuluka. Ukatsika m'madzi nkhani imasintha. Pa mamita 10 madzi amakupanikiza pafupifupi kawiri kuposa mmene mpweya umakupanikizira kumtunda, pa mamita 20 katatu, pa mamita 30 kanayi. Naitulojeni uja amayamba kusungunukira m'magazi, m'minofu ndi m'mafuta a m'thupi. Ukamatsika kwambiri ndi kukhalitsa, nayenso amachuluka. Choopsa n'chakuti sumva kanthu. Palibe powawa, palibe poyabwa, ukungosangalala ndi nsomba.

Mlandu uli pobwerera. Unatsegulapo botolo la Fanta limene lagwedezeka m'minibasi kuchokera ku City Market mpaka kumapeto kwa Kanyama? Ukalitsegula pang'onopang'ono limangopuma n'kukhala phee. Ukalitsegula mwaphuma thovu limakusambitsa kumaso. Botololo ndiwe. Ukavuuka mothamanga, kapena utakhalitsa pansi kuposa muyeso, naitulojeni amasanduka timathovu m'magazi, m'mapewa, m'mawondo, mumsana, ngakhale mu ubongo. Kwa ena zimathera pa kuyabwa ndi kuphwanya kwa thupi. Ena amafa miyendo osadzayendanso. Ena amabwerera kwawo m'bokosi.

Kale madaiva ankayendera matebulo olembedwa papepala. Oyamba odalirika anawakonza John Scott Haldane wa ku Scotland m'chaka cha 1908, kukonzera asilikali a pamadzi a ku Britain, atayesa kaye pa mbuzi. Mbuzi zinavutika kuti iwe usavutike, ndiye usazichititse manyazi. Makompyuta a madaiva anayamba kufala cha m'ma 1983, pamene inatuluka ina yotchedwa Orca Edge. Ntchito yake mpaka lero ndi yomweyo. Imayeza kuya kumene uli ndi nthawi imene watha, n'kuwerengera naitulojeni amene walowa m'thupi, n'kukuuza mphindi zimene zakutsalira. Kuti uone mmene nthawi imathawira: tebulo la bungwe lophunzitsa madaiva la PADI limapereka mphindi 56 pa mamita 18, koma pa mamita 30 limapereka mphindi 20 zokha. Kompyuta imalira ukamakwera mofulumira kuposa mamita 9 kapena 10 pa mphindi. Imakuwerengera mphindi 3 zoima pa mamita 5 usanavuuke. Ukabiranso masana imakumbukira zimene unachita m'mawa, pamene iwe mwini waiwala kale chifukwa cha nsima ya nsomba ya buka buka.

Tsopano tiwaimike pamzere mawotchi ako atatu aja.

Ya mnzako wa ku City Market ndi yabwino kwambiri poyenda pamvula ndi posamba m'manja. Mawu aja akuti 50M amanena za kuyesedwa kwake ku fakitale, m'madzi osagwedezeka, osati kuti upite nayo mamita 50. Ngakhale isalowe madzi, ilibe choyezera kuya ndipo za naitulojeni sinamvepo. Idzakuuza mokhulupirika kuti nthawi ili 10 koloko, iwe uku ukulumala. Mnzakoyo si woipa mtima, ali pa tamanga. Koma mtengo wa pachibale umenewu otsala adzaulipira pamaliro.

Ya mtima wakoyo sindiinamizira. Apple Watch Ultra inatuluka mu 2022, ndipo ukaikamo pulogalamu ya Oceanic+ imagwiradi ntchito ya kompyuta ya madaiva mpaka mamita 40. Koma ndikufunse. Wotchiyi imayenda ndi iPhone. Iwe foni yako ndi iti? Si ija yomanga ndi labala, imene umaigogoda pa bondo kuti iyake? Pulogalamuyo ndi yolipira, osati kamodzi kokha. Batire lake silidutsa masiku awiri osatchaja. Waiwala kale 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akumabwera pakati pa usiku n'kupitanso tambala asanalire? Mtengo wake ndi madola pafupifupi 800. Za Garmin Descent nazonso n'zenizeni, koma zapamwamba zake zimapitirira madola 1,000. Ukatenga kaloba pa zimenezi, mwini kaloba ndiye adzavale wotchiyo pa ukwati wako, atakhala mpando wa kutsogolo.

Ya ku Johannesburg ndiyo ndingaiganizire, msuweni wako akayankha mafunso. Dzina lake ndi mtundu wake n'chiyani? Ili ndi zaka zingati? Yabira kangati? Zimenezi zimaoneka m'kati mwake momwemo, ajambule akutumizire pa WhatsApp. Atsegule pokhala batire: mukakhala dzimbiri kapena zoyera zoumirira, madzi analowamo, isiye. Galasi likhale losasweka, mabatani onse akhale omvera. Ikafika, usaikhulupirire tsiku lomwelo. Bira nayo pamadzi osaya uli ndi mphunzitsi wako, muyerekeze manambala ake ndi a kompyuta yake. Choyezera kuya chimakalamba, ndipo chikayamba kunama sichichita manyazi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye ugule yotani? Choyamba ndi ichi, ndipo wogulitsa wa ku Durban kapena Cape Town sangakukumbutse chifukwa iye amabira m'nyanja ya mchere: ife kuno tili pamwamba. Madzi a Tanganyika ali pa mamita pafupifupi 770 kuchokera pa nyanja ya mchere, a Kariba pafupifupi 480, a nyanja ya Malawi pafupifupi 475. Kwa madaiva, malo alionse opitirira mamita 300 amawerengedwa kuti ndi kumapiri. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, kotero ukavuuka ku Mpulungu umafika pamene kupanikiza kuli kochepa kuposa pa gombe la Durban, ndipo timathovu tija sitichedwa kupangika. Mphindi 56 zija si zako, zako n'zocheperapo. Dokotala wa ku Zürich, Albert Bühlmann, anathera zaka zambiri pa nkhani imeneyi chifukwa kwawo ku Switzerland kulibe nyanja ya mchere, kuli nyanja za m'mapiri. Masamu ake otchedwa ZH-L16 ndi amene ali m'makompyuta ambiri masiku ano.

Makompyuta ena, monga a Shearwater a ku Canada, amadziyezera okha kuti ali pamtunda wotani, bola uwayatse usanalowe m'madzi. Ena, monga Suunto Zoop Novo ya ku Finland, Cressi Leonardo ndi Mares Puck Pro za ku Italy, umachita kuwauza wekha. Pa Suunto ija umasankha gawo la pakati, la mamita 300 mpaka 1,500. Ukapanda kuiuza idzaganiza kuti uli ku Zanzibar, n'kukupatsa mphindi zimene thupi lako lilibe. Kompyuta imene ilibe posinthira zimenezi, ngakhale akupatse ulere, ikane. Za madzi a mchere ndi opanda mchere zisakusowetse tulo: kusiyana kwake ndi pafupifupi magawo 3 pa 100 pa nambala ya kuya. Posinthira pakakhalapo sintha, pakapanda palibe mlandu.

Chachiwiri, manambala akhale akuluakulu, owerengeka m'madzi a mdima, ndipo ikhale ndi kuwala kwake. Zotere zimakhala zazikulu, zokhuthala, zosaoneka bwino pa suti. N'chifukwa chake ndi zabwino. Pansi pa nyanja palibe ojambula zithunzi za ukwati.

Chachitatu ndi batire. Zitatu zotsika mtengo ndatchulazi zimayendera kabatire kozungulira kamene umasintha wekha. Zoop Novo ndi Puck Pro zimadya CR2450, Leonardo imadya CR2430. Amenewa si CR2032 amene ali mbwee pa tuntemba, ndiye gula awiri osungira pamodzi ndi timphira take totsekera madzi. Posintha batire sinthanso kamphirako, ndipo pasatsale tsitsi kapena mchenga. Wokonza mawotchi wa pakhonde la sitolo m'tauni amadziwa ntchito yake, koma alibe choyezera ngati chipangizocho chipirire mamita 18.

Chachinayi, ikhale ndi posinthira kuti izikuumira mtima, kukupatsa mphindi zochepa kuposa za masiku onse. Kompyuta sidziwa kuti dzulo unagona ku bala, kuti sunamwe madzi, kuti wazizidwa, kapena kuti wakhala ukukoka ukonde pansipo. Zonsezi zimawonjezera ngozi. Munthu wobira tsiku ndi tsiku pa ntchito aziika pa gawo louma mtima. Ikhalenso yodziwa Nitrox, mpweya wowonjezeredwa okosijeni, kuti ukadzaphunzira zimenezo usadzagulenso ina. Pafupifupi zonse za masiku ano zimadziwa. Zija zodula zoonetsa mpweya wotsala m'silinda popanda chingwe, zisiye kaye. Geji yako ya chingwe ikukwanira.

Mitengo ya zitatu zija kunja imakhala pakati pa madola 200 ndi 300. Shearwater Peregrine, yowala bwino koma yochita kutchaja, ili cha m'ma 500. Chilimba chako chikafika pa imodzi mwa zitatuzo, gula imeneyo. Chotsala ukapereke kwa apongozi.

Tsopano mawu amene sunapemphe. Pakati pa nsomba zimene mumagwira pali zija za chiphumi chotupa ndi mizere, zimene ogula amazitcha frontosa. Zimakhala pansi kwambiri, mamita 30 kutsika. Ogwira amaziika m'kakhola n'kumazikweza pang'onopang'ono, mwina masiku angapo, chifukwa zikakwezedwa mwaphuma kathumba ka mpweya ka m'mimba kamatupa, nsomba n'kufa, madola n'kutayika. Nsomba ikupatsidwa masiku. Iwe mwana wa munthu usalole kumanidwa mphindi zitatu. Chikalata chako cha Open Water chimathera pa mamita 18. Cha Advanced chimafika pa 30, ndipo malire a onse obira mwa masiku onse ndi 40. Kugula kompyuta sikutalikitsa chikalata. Cha m'ma mamita 30 naitulojeni amayambanso kuledzeretsa, munthu n'kumaseka yekha mpweya ukutha. Akakutuma kumene sunaphunzire, kana. Ufunsenso abwana zinthu zitatu: kodi m'bwato muli okosijeni wa ngozi? Chipinda chopanikizira mpweya chochizira madaiva chili kuti? Nanga wolipira ulendo wopita kumeneko ndani? Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

* * *

Azakhali,

Amuna anga amabira m'makola a nsomba ku Siavonga, kusoka maukonde ndi kuchotsa nsomba zakufa. Amabwera Lachisanu usiku akangoweruka. Masiku ano akafika amangoti ndatopa, phewa likuwawa, khungu likuyabwa, n'kugona osandiyang'ana n'komwe. Apongozi akuti wina wa kuntchito wawachita chipongwe. Anzanga a ku chilimba akuti kuli mkazi wina kumeneko. Kompyuta ali nayo, koma akuti imalira kwambiri, ndiye amaisiya m'bwato. Ndipite kwa aneneri, kapena ndikwere basi ndikaone ndekha?

Mayi wa ana atatu, Chawama

Mwana wanga,

Anzako a ku chilimba ndawadziwa. Mwamuna akatsokomola, kuli mkazi. Akanenepa, kuli mkazi. Akaonda, kuli akazi awiri. Za mtima wa mkamwini wanga sindingalumbire, amuna ndi amuna. Koma mkazi wina sayabwitsa khungu, ndipo sapweteka phewa Lachisanu lokhalokha. Ndalama ya basi ndi ya aneneri uisunge, tikambe za msewu.

Siavonga ili pansi, m'chigwa, pa mamita pafupifupi 500. Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200, minibasi ikamalira pokwera mapiri a ku Kapiringozi, mwamuna wako akukwera mamita pafupifupi 800 ndi thupi lodzaza naitulojeni wa sabata yonse. Wavuuka m'madzi masana, kenako akuvuukanso kachiwiri ali pa mpando wa basi. Bungwe loona za umoyo wa madaiva la Divers Alert Network limalangiza kuti munthu asakwere ndege pasanathe maola 12 atabira kamodzi, ndipo pasanathe maola 18 ngati wabira kangapo kapena masiku otsatizana. Malangizowa amayambira pa mamita 600. Magazi sadziwa kusiyanitsa ndege ndi minibasi, amangodziwa kuti akwezedwa.

Ntchito ya m'makola anthu amaiderera chifukwa si yakuya kwambiri. Koma ndi yotsika n'kukwera, kutsika n'kukwera, kambirimbiri pa tsiku, uku akukoka zolemera. Kukwera kulikonse ndi mpata wa timathovu. Kompyuta ija sikulira chifukwa cha mwano. Ikulira chifukwa mkamwini wanga amavuuka mothamanga. Kuisiya m'bwato n'kugula mboni kenako n'kuitsekera panja pa khoti. Muuze kuti azakhali akuti njira yoitontholetsa ilipo imodzi: akwere pang'onopang'ono. Akaiphwanyira malamulo kwambiri, makompyuta ambiri amadzitseka kwa maola 24 kapena 48. Zikatero asabwereke ya mnzake. Imeneyo ndi kalata ya tchuthi yolembedwa ndi thupi lake.

Sindine dokotala, ndipo phewa likhoza kuwawa chifukwa cha maukonde. Koma kutopa kodabwitsa, kuyabwa, zidzolo, kuwawa kwa m'mfundo, dzanzi, chizungulire kapena kufooka kwa miyendo, zikabwera pasanathe tsiku munthu atabira, n'zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo. Akafika asangoti thupi likuphwanya, angamupatse mankhwala a malungo. Anene kuti ndine daiva, ndabira lero, mamita akuti, nthawi yakuti. Atenge kompyuta ija, chifukwa imasunga zonsezo, ngati anaivala. Chithandizo choyamba ndi okosijeni. Agone pansi, amwe madzi ngati ali maso bwinobwino. Usamuthowe ndi madzi otentha, usamutikite, usamupatse mowa woti aiwale ululu, ndipo asabwerere m'madzi kuti akachire. Zikamangonyalanyazidwa chaka ndi chaka, mafupa a m'mapewa ndi m'chiuno amatha kufa m'kati, munthu n'kudzayendera ndodo asanakalambe.

Mankhwala otsika mtengo ndi awa, ngakhale sakukomera: azigona ku Siavonga Lachisanu, azibwera Loweruka masana. Ndikudziwa anzako adzati, mwaona, tinanena. Asiye anene. Bola mwamuna wa Loweruka woyenda ndi miyendo yake.

Daiva wa ku Kanyama, nawenso tchera khutu. Kuchoka ku Mpulungu kufika ku Mbala ndi makilomita pafupifupi 40 okha, koma Mbala ili pa mamita oposa 1,600. Pobwera ku ukwati, tsiku lomaliza ukhale kumtunda ukusita suti.

* * *

Azakhali,

Ine ndi mng'ono wanga tonse tikuphunzira kubira. Tikufuna tisonkherane tigule kompyuta imodzi, ine ndizivala m'mawa, iye masana. Tikabira limodzi tizingoyang'ana imodzi yomweyo. Si nzeru zimenezi?

Mkulu wa awiri, Matero

Ana inu,

Anyamata a ku Matero mumandisangalatsa. Munakula mukugawana bedi, njinga ndi jekete ya kutchalitchi, ndiye mwaona kuti ndi magazi omwe mugawane. Ayi. Kompyuta imasunga mbiri ya thupi limodzi. Ikachoka pa mkono wako masana n'kupita pa wa mng'ono wako, imamuwerengera naitulojeni wako, wake osamudziwa. Ngati iye anabira dzulo kwina popanda iyo, idzamuyesa watsopano n'kumupatsa nthawi yambiri kuposa yoyenera. Mukabira limodzi, wina amatsikako pang'ono, wina amatsalira kumbuyo, wina amatsogola povuuka. Mamita awiri kapena atatu amenewo amasintha masamu.

Aliyense yake. Ngati ndalama ikukwana imodzi, agule mmodzi, winayo azibwereka ku sukulu imene mukuphunzira kapena ayendere tebulo, wotchi ndi geji ya kuya, monga anakuphunzitsirani. Kompyuta yobwereka ikhale imene yagona osabira kwa tsiku lathunthu, ndipo wobwerekayo akhalenso wopuma tsiku lathunthu. Mukadzakhala nazo ziwiri mudzaona kuti sizigwirizana, ina ikuti zatsala mphindi 12, ina ikuti 8. Musatsutsane pansi pa madzi. Mverani youma mtimayo. Ndipo wamkulu asagwiritse ntchito ukulu wake pamenepa, naitulojeni sadziwa kuti anabadwa poyamba ndani.

* * *

Azakhali,

Ndimagwira ntchito mu ofesi ndipo ndasunga ndalama ya tchuthi. Ndikufuna kupita ku Malawi kukaphunzira kubira ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear. Chibwenzi changa chikuti chindigulira kompyuta ya pinki ndisanapite, yogwirizana ndi zovala zosambira. Ndilole?

Mtsikana wa ku Kalingalinga

Iwe mwana,

Mnyamata wofuna kugula kanthu usamuletse, ndi osowa masiku ano. Koma mutembenuzire kwina. Akulipirire basi ya ku Chipata ndi malo ogona. Maphunziro a Open Water amatenga masiku atatu kapena anayi, ndipo sukulu imapereka zida zonse. Ukhoza kupeza kuti makutu ako sagwirizana ndi kuya, kapena kuti mtima wako ukufuna kukhala pamchenga ndi chambo chowotcha. Kompyuta ya pinki idzathera m'kabati pamodzi ndi nsapato zothamangira zija unagula mu Januwale. Phunzira kaye, vala za sukulu, uone imene maso ako akuwerenga mosavuta. Ukabwerako ukulotabe mbuna, tinsomba ta mitundumitundu ta m'miyala tija, ndiye mnyamata atulutse chikwama. Ngati dzanja lako ndi laling'ono, yesa lamba usanagule. Zilipo zazing'ono zooneka bwino, koma manambala akenso ndi aang'ono. Mtundu wa pinki suletsedwa, ungokhala funso lomaliza, osati loyamba. Ndiponso pansi pa madzi mitundu yofiirira ndiyo imayamba kuzimirira, ndiye pa mamita 18 pinki wakoyo palibe adzamuone.

Malo wasankhawo ndi abwino. Cape Maclear ili m'dera la Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zomwezo. Ku Nkhata Bay kumbukira kuti msewu wa ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 50 okha koma umakwera kufika mamita oposa 1,200. Tsiku lomaliza usabire, kaya ukubwerera pa basi kaya pa ndege ya ku Lilongwe.

Adzakupatsa fomu ya zaumoyo. Usaname. Mphumu, khunyu, matenda a mtima, kapena ngati unadwalapo TB, onana kaye ndi dokotala, chifukwa mapapo okhala ndi zipsera amatha kuphulika mpweya ukamafutukuka pokwera. Woyembekezera sabira. Sindikunena kanthu, ndangoona kuti chibwenzi chikugula mphatso. Ukabwerako, pakapita miyezi iwiri kapena itatu ukayezetse likodzo, chifukwa m'magombe ena a nyanjayi lilimo ndipo mankhwala ake ndi osavuta.

* * *

Azakhali,

Ndili ndi zaka 15. Ine ndi anzanga timasambira m'maenje a miyala mvula ikagwa, ndipo ine ndimakhalitsa pansi kuposa onse. Kodi pali kompyuta yotchipa ya ana asukulu?

Shaki wa ku George

Iwe Shaki,

Mayi ako akudziwa kuti uli ndi dzina limeneli? Palibe kompyuta imene ingakuthandize m'dzenje la miyala. Maenje amenewo makoma ake ndi ochita kugwa chiphompho, pansi pali matope ogwira miyendo, mawaya ndi zitsulo, ndipo suona ngakhale dzanja lako. Funsa anthu a ku Misisi za damu la Ngwenya, akuuze mabanja amene analirira m'mbali mwake. Mpikisano wokhalitsa pansi uja ndiwo woopsa kwambiri, chifukwa munthu amakomoka osachenjezedwa, anzake ali kumtunda akuwomba m'manja. Madzi akewonso ndi osakanikirana ndi a m'zimbudzi. Kolera wa 2024 unachititsa kuti bwalo la Heroes lisanduke chipatala, iwe ukukamwa dala.

Ngati madzi ukuwakondadi, pita ukaphunzire kusambira pa dziwe losambiriramo lokhala ndi mphunzitsi. Limbikira masamu ndi sayansi, chifukwa udaiva ndi masamu ovala silinda. Asilikali, ozimitsa moto, osamala damu la Kariba ndi oweta nsomba onse amafuna madaiva amoyo. Ukakhoza Giredi 12 undilembere, tidzasankhe kompyuta pamodzi. Ndikamvanso kuti wapita kudzenje, kalata yakoyi ndikaiwerenga ndekha kwa mayi ako, mokweza, pa mpopi wa madzi.

Azakhali anu